Si ulesi ayi: mbali ya matenda a bipolar yomwe sitikuiona kuno kwa Chigaru

Aliyense amene anakulira kuno, kaya pa Lirangwe, ku Mdeka kapena m'midzi ya kwa Chigaru, amamudziwa munthu wamtundu uwu, kungoti dzina limasintha mudzi ndi mudzi. Tiyerekeze kuti ndi mnyamata wa kabaza pa siteji. Mwezi wina amakhala moto weniweni. Pofika 4 koloko m'bandakucha ali kale pamsewu, usiku sakugona koma satopa, akulankhula osapumira. Wakongola ndalama kwa a katapila, akuti ikamafika Khirisimasi akhala ndi njinga zamoto zisanu. Sitetasi ya pa WhatsApp akusintha ola lililonse. Anzake akumuchemerera: "Dolo uyu, akuphusha!" Ena ayamba kunong'onezana kuti mwina wayamba chamba.

Kenako zii. Njinga yaimikidwa m'nyumba, foni yazima. Dzuwa lafika paliwombo iye adakali pamphasa, wayang'ana kukhoma. Sakusamba, nsima akungonyema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Amayi ake akuti, "Iwe dzuka, ulesi wanji umenewu?" Amalume akuti, "Mwamuna salira, limba mtima." Anzake a pa siteji akuti watitaya, wayamba matama.

Pa nkhope ziwirizi, yomwe imatidzidzimutsa ndi yoyambayo chifukwa ndi yaphokoso. Yachiwiriyi timangoitcha ulesi. Koma madokotala a matenda a maganizo amati mwa anthu ambiri odwala bipolar, nthawi yaitali ya kudwala kwawo imathera mu mbali yachiwiriyi, ndipo ndi mmenemo momwe ngozi yodzipha imakula. Ndiye lero tiyeni tikambe za mbali yachete imeneyi.

Bwanji tikukamba pano?

Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba, nkhani za kudzipha zasanduka za sabata iliyonse pa Facebook. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha m'dziko muno, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116, ndipo ochuluka kwambiri anali amuna. Chichokereni nthawi imeneyo takumana ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, komanso mitengo ya zinthu yomwe aliyense akuidziwa. Nkhani ya imfa yotere ikatuluka, ndemanga zimakhala zomwe zija: ngongole, chibwenzi, banja. N'zoona, zimenezo zimamukankha munthu. Koma funso lomwe silifunsidwa ndi lakuti, anthu a ngongole ndi ambirimbiri, bwanji uyu yekha ndiye waona kuti njira yatha? Kawirikawiri pansi pa ngongoleyo pamakhala matenda omwe palibe anawatchula dzina.

Chachiwiri, mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu yatsopano ya umoyo wa maganizo, yolowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1948 lomwe linkaona wodwala ngati munthu wongofunika kutsekeredwa. Ndi sitepe yabwino. Koma lamulo lokambidwa ku Lilongwe silinafike kwa ife ngati mnyamata wa kabaza uja sanapimidwe n'kupatsidwa mankhwala oyenera pafupi ndi kwawo.

Kodi bipolar ndi chani kwenikweni?

Pa intaneti mawuwa tawasandutsa nthabwala. Mtsikana akakwiya m'mawa n'kuseka masana, akuti "ndine bipolar". Magetsi akamazimazima, akuti ali ndi bipolar. Ayi amangwetu, si zimenezo. Kusinthasintha kwa patsiku aliyense amakhala nako.

Bipolar ndi matenda a ubongo omwe amasokoneza mphamvu, tulo, kaganizidwe ndi mmene munthu akumvera mumtima, osati kwa maola, koma kwa masiku, masabata ngakhale miyezi. Amabwera ngati nyengo. Pali nyengo yokwera, yomwe achipatala amati mania: munthu amadzimva wamphamvu kuposa aliyense, sagona koma satopa, amalankhula mothamanga, amamwaza ndalama, amapsa mtima msanga, amagonana mosadziteteza, ndipo zikafika poipa amatha kumva mawu kapena kukhulupirira kuti ndi mneneri kapena mwini chuma chadzaoneni. Nyengoyi imatenga sabata kapena kuposerapo. Palinso yocheperako mphamvu, hypomania, yomwe imatha masiku anayi kapena kuposerapo, ndipo anthu saiona ngati vuto chifukwa munthuyo amangooneka wochangamuka ndi wolimbikira. Kenako pali nyengo yotsika, ya kukhumudwa kwakukulu. Pakati pa nyengozi munthu amatha kukhala bwinobwino miyezi kapena zaka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi matendawa, kutanthauza munthu wamkulu m'modzi mwa anthu 150 aliwonse. Taganizirani anthu omwe amadzaza msika wa Lunzu pa tsiku la msika, muona kuti si nkhani ya azungu okha. Matendawa amakonda kuyamba munthu akamatsiriza sekondale kapena ali m'zaka za m'ma 20, msinkhu wa ambiri amene mukuwerenga pano. Amayenda kwambiri m'magazi, ndiye ngati kubanja kunali agogo kapena azakhali omwe "mutu unkawasokonekera nyengo zina", ndi bwino kudziwa. Zomwe zimadzutsa nyengo yatsopano ndi monga kusagona, imfa ya wachibale, kutha kwa ntchito kapena banja, mowa, chamba, komanso kwa amayi, masabata oyamba atangobereka.

Sasankha wolemera kapena wosauka. Woimba wa ku America Mariah Carey anaulula mu 2018 kuti anamupeza ndi bipolar mu 2001 ndipo anabisa zaka zonsezo chifukwa cha mantha. Selena Gomez ananena za matenda ake mu 2020. Ngati anthu a ndalama zawo ankaopa kunena, nanga mnyamata wa pa Lirangwe?

Nyengo yotsika imaoneka bwanji?

Kukhumudwa kwa bipolar si chisoni chija timamva timu yathu ikagonja kapena chibwenzi chikatha. Achipatala amayang'ana zizindikiro zomwe zakhala pafupifupi tsiku lonse, tsiku lililonse, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Mtima umalemera kapena umangouma, osamva chilichonse. Zomwe munthu ankakonda, kaya mpira, kwaya, bawo, kucheza pa WhatsApp, zonse zimasukuluka. Thupi limalefuka moti kutunga madzi kapena kutsuka mkamwa kumakhala ngati kukwera phiri la Michiru. Ena tulo timawathawa, koma ambiri a bipolar amagona mopitirira muyeso n'kudzuka ali otopabe. Ena chakudya sachifuna, ena amadya kwambiri. Maganizo amayenda pang'onopang'ono, ngakhale kuwerengera chenji kumavuta. Munthu amadziona wachabechabe, mtolo kwa abale, wolakwa pa chilichonse. Ndipo maganizo a imfa amayamba kubwera.

Kusiyana kwake ndi ulesi n'kosavuta. Waulesi amasangalala ndi ulesi wakewo: ntchito ikatha amadzuka, nyama ikapsa amabwera, mpira ukayamba ali kutsogolo. Wodwala sasangalala ndi chilichonse, ndipo amadzida yekha chifukwa cholephera kudzuka. Mukamamunena kuti ndi waulesi mukungomutsimikizira zomwe matendawo akumuuza kale m'mutu.

Pali chinanso chowawa. Nyengo yotsika kawirikawiri imabwera pambuyo pa yokwera, ndiye munthu amatsitsimuka n'kupeza bwinja lomwe wasiya: ngongole ya katapila ikuswana, ndalama za ku banki m'khonde zomwe mayi anamubwerekera zapita, mbuzi zinagulitsidwa, anatukwana apongozi, ndipo wina anamujambula vidiyo akulalikira pa siteji n'kuimwaza m'magulu a WhatsApp. Manyazi amenewo amakhala ngati mwala womangidwa pamwamba pa matenda. Inu amene mumajambula ndi kugawana mavidiyo otere, dziwani kuti mwini wakeyo adzawaona tsiku lomwe alibe mphamvu yodzitetezera.

Bwanji timaiphonya?

Choyamba, m'chilankhulo chathu tikati "wamisala" timaona munthu wovula, wotola zinyalala pamsika. Amene wangokhala phee m'nyumba salowa m'gulu limenelo, ndiye palibe amaganiza zachipatala. Chachiwiri, ife Amalawi ululu wa maganizo timaufotokoza ndi thupi. Munthu amafika pachipatala n'kunena kuti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi monse mukuphwanya. Amamuyeza malungo, sapezeka, amamupatsa panado, amabwerera. Pamzere pali anthu ena ambirimbiri, dokotala alibe mphindi zofunsa kuti, "Nanga tulo mukugona bwanji? Mumtima mukumva bwanji?"

Chachitatu ndi nkhani ya ufiti ndi mizimu. Munthu yemwe mwezi watha amachita bwino pa bizinesi lero wagwa mphwayi, anthu amathamangira kunena kuti amulodza chifukwa cha nsanje, kapena anakhwimira ndiye zizimba zamutembenukira. Banja limagulitsa chimanga kupita kwa asing'anga, kenako kumapemphero, miyezi ikupita. Ndiye poti matendawa amayenda m'nyengo, tsiku lina munthu amadzuka yekha, aliyense n'kukhulupirira kuti mankhwala a asing'anga aja agwira. Chaka chamawa zabwereranso. Sindikunyoza pemphero, limalimbitsa mtima wa wodwala ndi omusamalira. Koma wodwala shuga timamupempherera uku akumwa mankhwala ake. Apanso zikhale choncho.

Chachinayi ndi mantha. Kwa zaka zambirimbiri gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Zotsatira zake, mabanja anazolowera kubisa, kuopa apolisi ndi manyazi, m'malo mothamangira kuchipatala.

Msampha womwe aliyense ayenera kuudziwa

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge m'nkhani ino, ndi ichi. Munthu wa bipolar amapita kuchipatala akakhala pansi, osati akakhala pamwamba. Nyengo yokwera imakoma, ndani angakadandaule kuti ali ndi mphamvu zambiri? Ndiye dokotala amaona kukhumudwa kokha, n'kuganiza kuti ndi matenda okhumudwa wamba. Apa mpomwe pali ngozi. Mankhwala a kukhumudwa wamba, monga amitriptyline ndi fluoxetine, akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar amatha kumutembenuzira ku mania, kapena kuchititsa kuti nyengo zizisinthana pafupipafupi. Malangizo a WHO kwa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, otchedwa mhGAP, amanena momveka kuti mankhwalawa asaperekedwe okha kwa wodwala bipolar popanda ena okhazikitsa maganizo.

N'chifukwa chake anthu ambiri, ngakhale m'maiko olemera, amatha zaka zingapo asanauzidwe dzina lenileni la matenda awo. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula komwe kumaonetsa bipolar. Dokotala amadalira mbiri. Choncho mukapita kuchipatala, kapena mukaperekeza m'bale wanu, musangofotokoza za kugona ndi kusadya. Nenaninso za mwezi uja sankagona, ankamwaza ndalama, ankalankhula ngati wailesi. Nenani ngati kubanja kuli wina anadwalapo. Nenani za mowa ndi chamba mosabisa. Ndipo pitani awiri, chifukwa wodwalayo nthawi zambiri sakumbukira nyengo yokwera ngati vuto. Amitriptyline wogula pa famase kapena wopatsidwa ndi neba "woti ugone bwino" musamuyerekeze.

Chithandizo chilipo, ndipo chimagwira

Bipolar sachizika ngati malungo, koma amalamulirika ngati BP kapena shuga. Anthu ambiri omwe ali pa chithandizo amaphunzira, amagwira ntchito, amakwatira ndi kulera ana. Msana wa chithandizo ndi mankhwala okhazikitsa maganizo. Akale kwambiri ndi lithium, omwe dokotala wa ku Australia John Cade anaonetsa mphamvu yake mu 1949, ndipo amadziwika kuti amachepetsa ngozi yodzipha. Ena ndi sodium valproate ndi carbamazepine, omwe ambiri timawadziwa ngati mankhwala a khunyu. Palinso quetiapine, olanzapine ndi lamotrigine omwe madokotala amagwiritsa ntchito pa nyengo yotsika kapena poiteteza. Wosankha ndi dokotala, molingana ndi munthu komanso zomwe zilipo.

Koma pali zinthu zoti wodwala ndi abale adziwe, chifukwa zimakhudza moyo wathu wa kuno. Womwa lithium amafunika kuyezedwa magazi pafupipafupi kuti aone mlingo wa mankhwala, impso ndi chithokomiro. Kutentha kwa mu Okutobala kuno kumunsi, kutsekula m'mimba kapena kusanza kumachepetsa madzi m'thupi, mankhwalawo n'kuchuluka m'magazi mpaka kufika poopsa. Brufen ndi diclofenac amachitanso chimodzimodzi. Kunjenjemera kwambiri, kudzandira ndi kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala. Sodium valproate amavulaza mwana m'mimba, moti WHO imalangiza kuti asaperekedwe kwa atsikana ndi amayi omwe angathe kutenga pakati. Carbamazepine amafooketsa njira zina zolera monga mapilitsi ndi ya pamkono, komanso amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa m'dziko muno kuyambira 2019. Choncho muuzeni dokotala mankhwala onse omwe mukumwa, ndipo tengani mabuku anu onse a kuchipatala, osati limodzi.

Mankhwalawa sagwira tsiku limodzi. Pamatenga masabata kuti munthu aone kusintha. Ndipo cholakwika chachikulu ndi kusiya ukayamba kupeza bwino. "Ndachira, ndimwerenji?" Kusiya mwadzidzidzi, makamaka lithium, kumabweretsa matenda msanga. Ngati mankhwala akukunenepetsani, akukugonetsani kapena akusokoneza za m'banja, bwererani mukakambirane, pali njira yosinthira. Osangotaya m'chimbudzi.

Nanga kuno tipite kuti?

Poyambira ndi chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, monga cha Lirangwe, Mdeka kapena Chileka, ngakhalenso Mlambe ku Lunzu. Funsani za kiliniki ya matenda a maganizo ndi tsiku lomwe namwino wake amaona odwala. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu angakulondolereni. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu chakechake cha boma monga zilili ku Chiradzulu kapena ku Mwanza, ndiye zikakula amatumiza ku Queens, komwe kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Ofunika kugonekedwa nthawi yaitali amapita ku Zomba Mental Hospital. Kumpoto ndi pakati kuli a St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita ku Zomba si chilango ndipo si mapeto a munthu, ambiri amagonekedwa, amapeza bwino, amabwerera kwawo. Pa foni, Chipatala cha pa Foni chimapereka uphungu wa zaumoyo, ndipo ana ndi achinyamata angaimbe 116, nambala ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO.

Tinene chilungamo, njirayi ili ndi minga. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi ochepa zedi, ntchito yambiri ili m'manja mwa anamwino ndi makiliniko ofesala. Ndalama zopita ku umoyo wa maganizo zakhala zili pafupifupi K1 pa K100 iliyonse ya bajeti ya zaumoyo. Kwa munthu wa kumudzi kwa Chigaru, ulendo wa mwezi ndi mwezi wokatenga mankhwala m'tauni ndi kabaza kukafika pa M1, minibasi kupita ndi kubwerera, anthu awiri, kuphatikizapo tsiku la ganyu lotayika. Ndipo amene akufunika kuyenda ulendowu ndi munthu yemwe kudzuka pamphasa kukumukanika. Apa mpomwe ambiri amasiyira chithandizo, osati chifukwa cha kusamva.

Zomwe wodwala angachite yekha

Mankhwala ndi theka la nkhondo. Theka lina ndi kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku, ndipo mfumu yake ndi tulo. Kwa munthu wa bipolar, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse ndi mankhwala paokha. Bandulo ya usiku, kuchezera pa TikTok, kudikira tikiti ya kubetcha mpaka mpira wa ku Ulaya uthe, kuchezera pamaliro kapena pa mapemphero a usiku wonse, zonsezi zimatha kudzutsa nyengo yatsopano. Palibe cholakwika kupepesa pamaliro madzulo n'kukagona kunyumba. Abale amvetse.

Mu nyengo yotsika, osadikira kuti chilakolako chibwere kaye. Chimabwera pambuyo pa kuchita. Yambani ndi tating'ono: kutuluka panja dzuwa likamatuluka, kusamba, kusesa pakhomo, kuyenda mpaka pa mjigo ndi kubwerera. Lero chimodzi, mawa ziwiri. Kachasu ndi chamba zimaoneka ngati zikupepuza, koma mawa lake dzenje limakhala lakuya kuposa dzulo, ndipo zimalimbana ndi mankhwala.

Sungani kakope, kapena lembani m'foni: lero ndagona maola angati, mtima uli pati kuyambira 1 mpaka 10, mankhwala ndamwa kapena ayi. Pakatha miyezi mumayamba kuona zizindikiro zanuzanu zochenjeza, ndipo dokotala zimamuthandiza kuposa kungoti "ndikupezako bwino". Zosankha zikuluzikulu monga kusiya sukulu, kuthetsa banja kapena kugulitsa munda, zidikire nyengo idutse. Ndipo nthawi yomwe muli bwino, panganani ndi munthu m'modzi wokhulupirika: ndikayamba kusagona, undisungire khadi la ku banki ndi ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money, ndikayamba kudzitsekera, undiperekeze kuchipatala ngakhale ndikane.

Zomwe abale ndi anzake angachite

Simukufunika digiri. Pitani mukamuone ngakhale sakuyankha mauthenga. Khalani naye, ngakhale osalankhula zambiri. M'malo moti "limba mtima, ena akuvutika kuposa iwe", nenani kuti, "Aise, ndikuona kuti zikukuvuta. Ndili pano. Mawa tipitire limodzi kuchipatala." Mubweretsereni chakudya, mukumbutseni mankhwala, kambiranani ndi omwe ali nawo ngongole kuti adikire.

Ndipo funsani funso lomwe timaliopa: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, akatswiri anatsimikiza zimenezi kalekale. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Zizindikiro zoopsa ndi monga kutsanzika, kugawa katundu, kulemba masitetasi a "posachedwa mupuma, sindikuvutitsaninso", kapena kukhala phee mwadzidzidzi ngati wapeza mtendere pambuyo pa masabata ovutika. Nthawi inanso yoopsa ndi pomwe mphamvu zayamba kubwerera koma mtima udakali mumdima, kapena pomwe munthu ali wokhumudwa koma wosakhazikika, wosagona, wolusa. Zikatero musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a m'munda, a m'nkhokwe ndi mapilitsi ochuluka, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Sitetasi yotere si yoyankha ndi ka emoji koseka. Imbani foni. Mayi amene wangobereka kumene akasiya kugona, kuyamba kulankhula zosamveka kapena kukhumudwa kwambiri, imeneyonso ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Osamalira wodwala nawonso amatopa. Mutu umodzi susenza denga, gawanani ntchito pabanja, isamangogwera mayi kapena mkazi yekha. Kuli bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA, lomwe limalimbikitsa magulu othandizana. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi pachipatala kumvetsera anthu ovutika ndi "kuganiza kwambiri". Benchi silowa m'malo mwa mankhwala a bipolar, koma likutiphunzitsa kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino angathe kugwira dzanja la wodwala. Agogo ndi mabenchi kuno tili nazo.

Tifunse chani kwa atsogoleri?

Lamulo latsopano lipimidwe ndi zinthu zooneka. Kodi pa chipatala chathu pali tsiku lodziwika la kiliniki ya maganizo, lolembedwa pakhoma kuti aliyense aliwone? Kodi mankhwala okhazikitsa maganizo akupezeka mwezi ndi mwezi, kuti munthu asamakwere minibasi kukangotenga mapilitsi? Kodi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwa kuzindikira kukhumudwa ndi kulondola amene wasiya kubwera, monga amachitira ndi a TB ndi a ma ARV? Dziko lino linakwanitsa kufikitsa ma ARV pafupi ndi mudzi uliwonse, ndiye nzeru yake tili nayo kale. Mafunso amenewa apite ku komiti ya chipatala, ku VDC ndi ADC, kwa khansala, kwa phungu, ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti nawonso ali ndi gawo: mawu amodzi a mfumu pamaliro, oti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, amafika komwe positala ya unduna sifika.

Achinyamata, ifenso tili ndi mbali yathu. Timadziwa kukweza nkhani ya msewu wa Lirangwe–Chingale mpaka akuluakulu kuyankha. Mphamvu yomweyo tingaigwiritse ntchito pa 30 Marichi, tsiku lokumbukira matenda a bipolar padziko lonse, ndi pa 10 Okutobala, tsiku la umoyo wa maganizo. WHO imati anthu a bipolar amamwalira msanga ndi zaka zoposa 10 poyerekeza ndi anzawo, chifukwa cha kudzipha komanso matenda ena a m'thupi omwe sathandizidwa. Zambiri mwa zaka zimenezo zingapulumutsidwe.

Tibwerere kwa mnyamata wa kabaza uja. Pamene ankamwaza ndalama anali ndi anzake khumi. Lero ali pamphasa, njinga yachita fumbi, foni ili zii. Ngati pamene mumawerenga nkhaniyi m'mutu mwanu munabwera dzina la munthu, musadikire kudzalemba RIP pa chithunzi chake. Mukamaliza kuwerenga, muimbireni. Akapanda kuyankha, pitani mukagogode.